Ndinaletsa Zelipa Kugwada

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha pakamwa. Nditamaliza maphunziro a fiziyo ku Lusaka, ntchito yochiza anthu ndi masewera olimbitsa thupi, ndinabwerera kwathu ku Lubuto, mu Ndola, n'kukhala pa ulova mpaka anthu a m'laini mwathu anatopa kundifunsa kuti ndiyamba liti. Ndinkangothandiza amayi kugulitsa tomato ndi kapenta pa geti.

Tsiku lina ndinaperekeza atate ku kiliniki ina yaing'ono m'tauni muno mu Ndola. Atate anagwira ntchito pansi pa mgodi ku Kitwe zaka zambiri, ndipo chimene anatulukako nacho ndi msana wowawa. Mwini kilinikiyo anali a Mulenga, kapena kuti ba Mulenga monga timanenera m'Chibemba kuno, bambo wamfupi, wadazi, wosathamanga polankhula. Ali mkati mowaonetsa atate masewera a msana, ine ndinalowerera. Ndinati atate sangachitire zimenezo pabedi chifukwa matiresi awo ndi ofewa ngati phala, bola achitire pamphasa. Atate anandiponyera diso lija loti ukandiona kunyumba. Ba Mulenga anangofunsa kumene ndinaphunzira, kenako anati, akunditchula mwaulemu m'Chibemba, "Mumalankhula kwambiri, mukwai. Bwerani Mande tidzaone ngati manja anu amagwiranso ntchito."

Kilinikiyo inali zipinda ziwiri ndi khonde lodikirirapo odwala. M'chipinda chachikulu munali bedi lalitali loyezerapo anthu, galasi lalikulu kukhoma loti munthu adzione kuyambira kumutu mpaka kumapazi, bokosi lathabwa lomwe linali sitepe yathu, njinga yosayenda, tepi womata pakhungu, ndi malamba a labala, wachikasu wofewa, wakuda wolimba. Munalinso goniyomita, kachipangizo kokhala ngati marula awiri olumikizana, koyezera mmene bondo lapindikira. Koma chida chimene ba Mulenga ankachinyadira koposa chinali foni yakale yosweka galasi, yomangirira pa kamtengo ka miyendo itatu. Tinkajambula nayo munthu akutsika pa sitepe, kenako n'kuonera vidiyoyo pang'onopang'ono. "Bondo limanama likagona pabedi," ankatero ba Mulenga. "Lioneni likugwira ntchito."

Vuto limene ndinakumana nalo kwambiri linali kupweteka kwa kutsogolo kwa bondo, pa kafupa kozungulira kaja kamene kamasuntha ukakagwira. Pantchito timakatcha patela. Kafupa kameneka kamakwera ndi kutsika m'kangalande ka fupa la ntchafu, ngati ngolo za pansi pa mgodi pa njanji yake, zimene atate ankatisimbira tili ana. Minofu ya m'matako ndi ya m'ntchafu ikafooka, bondo limagwera mkati munthu akamatsika kapena kunyonyomala, ndiye patela amapanikizika mbali imodzi. Ukawonjezapo ntchito yoposa imene bondolo linazolowera, ululu wayambika. Odwala ake suvutika kuwazindikira. Ukawafunsa pamene pakuwawa saloza ndi chala, amaphimba bondo lonse ndi chikhatho. Amadandaula masitepe, makamaka potsika, ndi kukhala nthawi yaitali mu minibasi maondo atagunda mpando wakutsogolo. Ambiri amabwera akufuna jakisoni, ndipo amakhumudwa ukawapatsa lamba wa labala.

Zelipa anabwera nditagwira ntchito miyezi ingapo, nthawi imene ndinali nditayamba kudzimva. Anali wa msinkhu wanga, wokwatiwa chatsopano, wokhala ku Mushili. Mwamuna wake, Mabvuto, anali dalaivala wa thiraki yopita ku Kongo, wotha masabata osaoneka pakhomo. Tinayamba kulankhula Chibemba monga timachitira tonse tikakhala kunja kwa nyumba, koma nditamva dzina lake ndinamufunsa m'chiyankhulo chathu kuti kwawo n'kuti. Nkhope inawala. Makolo ake anali a ku Katete, anga a ku Chadiza. Basi, tinakhala pachibale pomwepo, iye akunditcha ba Sisita, ine ndikumuseka kuti anthu a ku Katete amadandaula ndi minga yomwe.

Linali bondo lamanja. Ndinamugoneka pabedi, n'kuona kuti silinatupe, n'kukoka mwendo kutsogolo ndi m'mbali kuyesa mitsempha yogwira bondo, yonse inali yolimba. Nditasindikiza m'mphepete mwa patela anakoka mpweya ndi mano. Ndinamugoneka cham'mbali kuti akweze mwendo ine ndikukankhira pansi, ndipo wamanjawo unagonja msanga kuposa wamanzere. Kenako ndinamuimika pa bokosi, foni ikujambula, kuti atsike ndi mwendo umodzi. Pa vidiyo zinaoneka poyera: chiuno chikupendama, bondo likuthawira mkati. Ndinamupatsa masewera ake. Kugona chagada n'kutukula matako, amene timawatcha mlatho. Kugona cham'mbali n'kutsegula maondo lamba wachikasu ali m'ntchafu. Kutsamira khoma n'kutsika pang'ono ngati akukhala pa mpando woti palibe. Pomaliza, kutsika pa sitepe akudziyang'ana pagalasi kuti bondo lilunjike chala chachiwiri cha phazi.

Zelipa anali wodwala wa mtundu umene aliyense amaufuna. Sankajomba, ndipo minofu inayamba kulimba ndithu, chifukwa pomukankha mwendo ndinkamva kuti akundibwezera. Koma ululu osasintha. Ine m'malo moganiza, ndinayamba kumukayikira. "A Zelipa, nenani zoona, masewerawa mukuchitadi kunyumba kapena mumangondisangalatsa kuno?" Iye ankangoti akuchita, mutu uli pansi.

Yankho linabwera lokha m'mawa wina, ba Mulenga atapita ku Kitwe kukaona odwala m'makomo. Pakhonde panali mdala wina wodwala sitiroko amene anapempha madzi akumwa. Zelipa ndiye anali pafupi ndi ndowa. Anatunga madzi m'kapu, n'kuigwira ndi manja onse awiri, n'kupita pamaso pa mdalayo. Ndinali pakhomo ndipo ndinaona zonse. Anatsika mwakamodzi, bondo lamanja thi! pa simenti. Podzuka, manja akadali pa kapu, thupi lonse linalemera pa mwendo wamanja womwewo, bondo n'kugwera mkati kuposa mmene linkachitira pa bokosi langa, nkhope n'kukwinyika kamphindi. Nditamulowetsa m'chipinda ndinayang'ananso maondo ake. Khungu lake linali lakuda ndi lolimba. Ndinali nditaliona tsiku loyamba lomwe, osaganizirapo kanthu.

"Mumagwada kangati patsiku?"

Anaseka. "Ah, ba Sisita, munthu angawerenge?"

Apa m'pamene ndinamva za apongozi. Makolo a Mabvuto anali atabwera kuchokera ku Katete chifukwa apongozi aamuna ankadikira opaleshoni ya maso, ndipo ankakhala m'nyumba ya Zelipa. Kuyambira pamenepo tsiku lake linali la pa maondo. Moni wa m'mawa, kugwada. Madzi osamba m'manja, kugwada, beseni lili m'manja. Chakudya, kugwada. Akamuitana ali kukhitchini, kubwera, kugwada, kumva, kudzuka. Pamwamba pa zimenezo, m'mawa uliwonse ankapaka polishi wofiira pakhonde ndi pabalaza akukwawa, chifukwa apongozi aakazi sankakhulupirira mopu. Ululu unayamba mwezi womwewo umene alendowo anafika.

Apa ndiyenera kunena za ine mwini, chifukwa popanda zimenezi simungamvetse chimene ndinachita. Ine ndi kugwada sitinagwirizanepo. Kwathu azakhali anga ankanditcha Maondo a Chitsulo. Pa chilangizo cha msuweni wanga ndinaonerera amayi akuluakulu akumuyendetsa ndi maondo kuchokera pakhomo mpaka pakona, iye akulira, iwo akuimba, ndipo ndinatuluka n'kulumbira kuti zimenezo sizidzandichitikira. Ndinkakangana nazo pamaliro, paukwati, paliponse. Ndiye pamene Zelipa ankandisimbira za tsiku lake, sindinamve wodwala akulankhula. Ndinamva mlandu wanga wakale utapeza umboni, umboni wake wa pa vidiyo.

"Lekani kugwada," ndinatero. "Masabata sikisi. Ngakhale kamodzi."

Anandiyang'ana ngati ndamuuza kuti avule chitenje pamsika. "Kwa apongozi?"

"Apongozi ali ndi maondo awo. Ili ndi lanu. Muwauze kuti adokotala aletsa."

Anaseka ataphimba pakamwa, koma kusekako sikunafike m'maso. Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Simungabwereko ku Mushili mudzawauze nokha? Kapena muwaimbire a Mabvuto?" Ndinamuyankha kuti iye ndi munthu wamkulu, wa nyumba yake, ndipo nthawi yakwana yoti adzilankhulire. Ndinanena zimenezo ndikumata tepi pabondo lake, ndikudzimva ngati ndamasula kapolo. Kunena zoona, tsiku limenelo ndinapita kunyumba ndikuimba.

Anamvera. Ndipo bondo linamveranso, apo sindinganame. Atabwera sabata yotsatira anatsika pa bokosi osakwinya nkhope, ndipo ndinamusinthira lamba kumupatsa wolimbirako. Ndinamufunsa ngati kunyumba kuli bwino, anangoti, "Kuli chete." Ine ndinatenga chete ameneyo ngati mtendere. Ndinakadzitama kwa ba Mulenga kuti ndapeza chimene chinkalemetsa bondo la Zelipa ndipo ndachichotsa. Atamva kuti ndamuletsa kugwada, anasiya kupinda thaulo limene linali m'manja mwawo.

"Kunyumba agwirizana nazo?"

"Bondo ndi lake," ndinatero.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anapitiriza kupinda thaulo lija. Sabata yotsatira Zelipa sanabwere. Foni yake inkangolira osayankhidwa.

Anatulukira Lachisanu lina m'mawa, khonde litadzaza odwala. Sanali yekha. Anali pakati pa amayi awiri achikulire, akutsimphina, bondo atalimanga ndi mpango. Mmodzi ndinamuzindikira ndi nkhope kuti ndi wachibale wake: anali azakhali ake, amenenso anali alangizi ake pa ukwati. Winayo anali wamtali, wowonda, atavala chitenje cha amayi a ku tchalitchi, kolona ali m'khosi. Amenewo anali amake Mabvuto, apongozi aja. Sanakhale pa benchi. Anaima pakati pa khonde n'kufunsa mokweza kuti adokotala oletsa ulemu ali kuti.

Ba Mulenga anatuluka, n'kuwapatsa moni modzichepetsa, n'kuwalowetsa m'chipinda chachikulu, n'kukoka mipando. Ndinkayembekeza kuti alankhula okha. Koma anangondinong'oneza kuti, "Wodwala ndi wanu, mukwai," n'kukatsamira khoma.

Azakhali ndiwo anafotokoza. Masiku oyamba Zelipa ankazemba: ankaika zinthu pa tebulo apongozi asanalowe, kapena kupereka moni ali pakhomo. Koma Lamlungu lina, Misa itatha, abale ndi akhristu anzawo anadzaza nyumba kudzaona apongozi aamuna amene anali atangochitidwa opaleshoni, diso lili ndi bandeji. Nthawi ya chakudya Zelipa anabwera ndi beseni la madzi osamba m'manja, n'kuima chilili pamaso pa apongozi aamunawo. Mdalayo, poti sankaona bwino, anatambasula manja pansi, pamene beseni linkakhala masiku onse. Anapapasa mphepo. Anapapasanso, alendo onse akuona. Wina anatsokomola. Apongozi aakazi atafunsa chimene chachitika, Zelipa anayankha ndi mawu amene ndinamupatsa ine: "Adokotala aletsa."

Tsiku lomwelo anamupakirira chikwama n'kumubweza kwa amayi ake ku Chipulukusu kuti akalangidwenso. Kwa ife, mkazi kubwezedwa motero ndi manyazi a banja lonse, makamaka a amene anamulangiza. Ndiye azakhali anasonkhanitsa anzawo, n'kumutsekera m'nyumba masiku angapo akumuphunzitsanso mwambo, ndipo phunziro lake lalikulu linali lomwe lija ndinalithawa ine: kuyenda ndi maondo pa simenti. Mabvuto anali atatsekeredwa pa mzere wa mathiraki ku boda, ndipo pa foni anangoti sangatsutsane ndi amayi ake. Amake Mabvuto anali atanenetsa kuti sakhulupirira kuti dokotala angalankhule zotero. Ngati mtsikanayu wanama, ndiye kuti ndi wamwano komanso wabodza, ndipo m'nyumba ya mwana wawo sabwereramo. N'chifukwa chake anabwera, kudzamva ndi makutu awo.

Amake Mabvuto anatembenukira kwa ine. "Ndiwe?"

"Ndine, amayi."

"Unamuuza kuti asagwade?"

Ine amene ndinkati ndili ndi pakamwa, pakamwa panauma. Ndipo tamverani chimene chinatuluka. Ndinati, "Ine ndinati achepetseko..." Mawu amenewo ali m'kamwa, ndinaona Zelipa akudzutsa mutu. Anangondiyang'ana, maso ali gwa, ngati mwana amene wamusiya pa siteshoni. Mpaka lero ndikakumbukira kuti ndinayamba kumugulitsa pofuna kudzipulumutsa, thupi limandinyerenyetsa. Ukwati wake unali pa lilime langa, ine n'kuyamba kulipinda.

"Iyayi, ndanama," ndinatero. "Sindinati achepetse. Ndinati aleke, masabata sikisi, ngakhale kamodzi. Ndinamuuzanso kuti anene kuti adokotala aletsa. Anandipempha kuti ndibwere ndidzakuuzeni ndekha, ine ndinakana. Zelipa sananame."

Amake Mabvuto anapendeketsa mutu, chifukwa ndinali nditayankha m'chiyankhulo cha kwathu, osati Chibemba.

"Ndiwe mwana wa yani, iwe?"

"Wa a Sakala, a ku Lubuto. Kwathu ndi ku Chadiza."

"Ha! Ine ndinkayesa ndi munthu wochokera kutali, wosadziwa. Amako alipo?"

"Alipo."

"Amagwada?"

"Sagwada. Maondo awo anatha kalekale."

"Ndiye akabwera akuluakulu amaima chilili ngati mtengo wa magetsi?"

"Iyayi. Amakhala pansi, miyendo kumbali, n'kuwomba m'manja."

"Alipo anawanenapo kuti ndi amwano?"

"Palibe."

"Ndiye unkadziwa," anatero. Sanakweze mawu. Bola akanandikalipira.

Ndinkadziwadi. Ndinakulira m'nyumba imene mayi wa maondo owawa amapereka ulemu tsiku ndi tsiku popanda bondo kukhudza pansi. Njira imeneyo inali m'mutu mwanga pamene Zelipa ankafunsa kuti "Kwa apongozi?" Sindinaiwale ayi. Sindinafune kumupatsa, chifukwa sindinkafuna kuti apeze njira yozungulira. Ndinkafuna kuti aime, amenye nkhondo imene ine ndinkaimenya ndi pakamwa pokha ndili kwa amayi anga, kumene palibe akanandipakirira chikwama.

Ba Mulenga anatsokomola pang'ono. "Yambani ndi bondo."

Ndinamasula mpango uja. Pamwamba pa patela panali chotupa ngati dzira. Ndinagwira ndi kuseri kwa dzanja, sipanali potentha kwambiri. Panalibe bala, ndipo thupi lake silinatenthe. Mitsempha inali yolimba monga kale. Kanali kathumba kamene kamakhala pakati pa khungu ndi patela, katadzaza madzi chifukwa cha kukhuzika pa simenti. Ndinakulunga ayisi m'thaulo n'kuika pamenepo, mwendo nditaukweza pa pilo. Kenako ndinachita chimene ndinayenera kuchita kalekale. Ndinamasula foni pa kamtengo kake, n'kukhala pansi pafupi ndi mpando wa amake Mabvuto, n'kuwaonetsa vidiyo ya tsiku loyamba. Anaiyandikiza kumaso. Ndinaibwereza pang'onopang'ono, ndikuloza bondo likuthawira mkati, ndikufotokoza kuti mpongozi wawo akamadzuka ndi beseni m'manja, thupi lonse limakwera pa kafupa kameneko katapendama.

"Chimamuwawa chonchi nthawi yonseyi?" anafunsa, osayang'ana Zelipa.

"Kuyambira mwezi umene munabwera, amayi."

"Nanga osanena bwanji?"

Tonse tinkadziwa kuti mkamwana watsopano sanena.

Tinapangana zochita tili anthu asanu m'chipindamo. Mpaka chotupa chiphwe, Zelipa azikhala pansi pamphasa popereka moni kapena pomva zimene aitanidwira, mwendo wowawawo atautambasula pang'ono. Beseni aziyamba waliika pa kampando pafupi ndi apongozi aamuna, manja akhale omasuka, kenako n'kukhala pansi. Pakhonde azikolopa ndi mopu, ndipo polishi azimuwalitsa ndi burashi ya kuphazi. Masewera a matako ndi ntchafu apitirire. Bondo likadzalimba tidzamuphunzitse kugwada kwina: chitenje chopinda pansi, bondo lamanzere kuyamba kutsika, dzanja pa ntchafu podzuka, bondo lamanja litalunjika chala chachiwiri cha phazi. Azakhali anavomera msanga, poti iwo ankangofuna kuti manyazi awachoke.

"Kukhala pansi ndi ulemu. Ndani anakana?" anatero amake Mabvuto pomaliza. "Abwere kunyumba kwake Mabvuto akafika." Anaimirira, n'kukonza chitenje chawo, ali pakhomo n'kuwonjezera, "Koma madzi anga ndizitunga ndekha. Bambo aja anapapasa mphepo anthu akuona."

Amayi awiri aja atatuluka kukadikira pakhonde, ndinatsala ndi Zelipa ndikumanga bandeji. Ndinkayembekeza kuti andinena, ndipo ndinkafuna kuti andinene. Iye anangoti, "Ine ndinangochita zimene munanena, ba Sisita." Kenako anawonjezera mawu amene anandimaliza: "Pepani, ndakubweretserani phokoso pantchito." Ndinamanga bandejiyo misozi ikugwera pa dzanja langa, iye akunamizira kuti sakuona.

Odwala atatha, ndinadikira kuti ba Mulenga andiuze kuti Mande ndisabwerenso. Anali akupukuta galasi lalikulu lija. "Matenda munawapeza bwino," anatero. "Mankhwala ake analinso oona. Koma amene anakawamwera kunyumba si inu." Sananenenso china. Mande ndinabwera, ndipo anandipatsa odwala anga monga mwa masiku onse.

Zelipa anabwerera ku Mushili mwamuna wake atafika. Chotupa chinaphwa, ndipo anamaliza masewera ake mpaka kufika pa lamba wakuda. Tsiku lomaliza ndinamujambula akutsika pa bokosi, bondo lili nji, lolunjika ngati la m'buku. Ba Mulenga ankaonetsa vidiyo imeneyo kwa ophunzira obwera kudzaphunzira ntchito, Zelipa atavomera, ndipo ankati ndi ntchito yanga. Nthawi iliyonse akaitsegula ine ndinkapeza chifukwa chotulukira panja.

Kuyambira pamenepo sindiyamba ndi bokosi. Ndimayamba ndi kufunsa munthu kuti andionetse tsiku lake, osati kundiuza, kundionetsa: mmene amadzukira pamphasa, mmene amanyonyomalira pa mbaula, mmene amakwerera pa thiraki, mmene amagwadira m'tchalitchi. Zimenezo ndizo ndimajambula. Ndipo ndisanaletse munthu chinthu, ndimafunsa kuti akachisiya adzakwiya ndani, nanga iye adzataya chiyani. Ngati yankho lake lili ndi dzina la munthu, ndimapempha kuti munthuyo abwere, kapena ndimakwera minibasi n'kupita ndekha. Maganizo anga pa za kugwada sanasinthe, ndipo azakhali anga amanditchabe Maondo a Chitsulo. Koma nkhondo imeneyo ndi yanga, ndiyenera kuimenya ndi maondo anga.

Ndinakumananso ndi Zelipa patapita zaka, pa msika wa ku Mushili. Ndinamuzindikira asanatembenuke, chifukwa ndinaona mayi wina ali ndi mwana kumsana akutsika mu minibasi, bondo lamanja litalunjika bwinobwino, ndipo ndinati mwendo umenewo ndimaudziwa. Tinakumbatirana. Anati bondo silinamuvutenso, a Mabvuto ali bwino, apongozi aamuna anamwalira kumudzi, ndipo apongozi aakazi tsopano amakhala nawo. Ndinazengereza, koma ndinafunsa.

"Nanga madzi?"

Anamwetulira pang'ono. "Amatunga okha mpaka lero. Akadwala amatuma mdzukulu. Koma mwanayu amamukonda, ba Sisita, musadandaule."

Anandikokera ku shopu ya mnzake kuti ndimweko madzi, poti dzuwa linali litakwiya. Anatunga m'kapu, n'kuiika kaye pa kampando. Kenako anamasula chitenje chapamwamba, n'kuchipinda, n'kuchiyala pa simenti pamaso panga. Bondo lamanzere linayamba kutsika, dzanja lili pa ntchafu, ndendende mmene ndinamuphunzitsira. Mawu oti musagwade anafika pakhosi, koma ndinawameza. Ndinali nditawanenapo kale kamodzi. Kumulandira ndili chilili sindikanathanso. Ndiye ndinatsika nanenso, ine Maondo a Chitsulo, pa simenti yopanda chitenje, anthu a pamsika akuona. Ndinalandira kapuyo ndi manja awiri n'kumwa madzi onse.

Podzuka ndinamva Zelipa akuseka, kuseka kwenikweni, kofika m'maso.

"Ba Sisita," anatero, "bondo lanu likugwera mkati."